Makoko Osalingana

Lolemba, 6 Okutobala

Chisanu chayamba. Ng'ombe zatsika kuphiri, ziwiri zikutsimphina. Amuna anga a Orval m'galaja kuyambira m'mawa, khofi wazizira pawindo. Nyengo yosaka agwape ikutsegulidwa kumapeto kwa mwezi, ndiye ali pa makoko awo amkuwa a zipolopolo. Kutsuka, kupaka mafuta, kukanikiza pamakina kuti khoko lililonse libwerere pamsinkhu wolowa bwino mumfuti, kenako wonga ndi chipolopolo chatsopano. Moyo wanga wonse wapabanja phokoso lomwelo. Ndili pamitala ine, mkazi mnzanga ndi makinawo.

Koma chaka chino makoko sakulingana. Ena bwinobwino. Ena phewa lake, pamene khoko limayamba kuning'a, silinabwerere, mfuti ikukana kutseka. Munthu amene chigwa chonse chinkabwera kudzaphunzira kwa iye.

Lachinayi, 9 Okutobala

Chimodzimodzi. Ndafunsa chavuta n'chiyani. "Mafuta." Basi. Dzulo anati makina. Chichokereni Curtis wathu pangozi ija ya pamsewu mu Febuluwale, mawu awo ndi ochita kupempha.

Apongozi anga, bambo awo, anayamba chonchi. Kulephera zinthu zimene manja ankazidziwa okha. Pomaliza ankandiitana dzina la mlongo wawo. Ndili ndi mantha. Mwana ndaika m'manda, tsopano mwamuna ndizimuona akutha ali moyo?

Lamlungu, 12 Okutobala

Joanne wabwera ndi chitumbuwa cha maapozi chogula, ngati mayi ake ndilibe uvuni. Walowa m'galaja, watuluka maso ali psuu. "Amayi, munthu woti mutu wayamba kusokonekera asamagwire wonga. Mukudikira kuti iwaphulikire kumaso?" Akuti Loweruka abwera ndi mwamuna wake pagalimoto, atenge makina, wonga, mfuti zonse. Kenako kwa dokotala ku Billings.

Ndavomera. Eni ake sindinawauze. Pakamwa mwanayu anatengera ine, ndilibe woti ndimuloze chala.

Lachitatu, 15 Okutobala

Chipale chofewa pang'ono, chasungunuka masana. Dwight, mnzawo wosaka naye, anabwera kudzathandiza. Kukhitchini ndimamumva: "Iwe Orval, nkhalamba yachabechabe, dzanja lafooka eti? Kanikiza mpaka pansi, ukuopa kuti lilira?" Kale a Orval akanamubwezera.

Potuluka Dwight anandinong'oneza: "Alamu, makina alibe vuto. Amene ndakanikiza ine alingana onse." Akuti ali mkati moyesa, a Orval anamulanda chidebe ngati agwira wakuba.

Ndiye si makina. Ndakalirira kubafa, mpopi uli wotsegula.

Lachisanu, 17 Okutobala

Mawa akubwera. Ndinati ndiwauze ndekha, asamvere kwa mkamwini. Ndinaima pakhomo la galaja, sanandione. Khoko loyamba, chogwirira mpaka pansi, mwamphamvu ngati kale. Lina chimodzimodzi. Kenako anatola lina, kulitembenuza, kuliyang'ana kunsi nthawi yaitali. Analiika pamakina. Dzanja linatsika, kufika pakati n'kuima.

Ndinalowa, ndinalitola. Kunsi kwake kadontho kofiira. Penti yanga ya zikhadabo. Curtis ankandibera kuti azizindikira makoko ake, poti akawombera ndi bambo ake ankaponya onse m'chidebe chimodzi.

"Sindinapenge, Marlys," anatero osandiyang'ana. "Khoko likaphulika limatengera mmene mfuti yake ilili mkati. Mfuti ya mwana uja mkazi wake anagulitsa. Chatsala ndi ichi. Ndikakanikiza mpaka pansi ndiye kuti ndafafaniza."

Ndinati nanga osangowapatula bwanji, bambo inu, mmalo motizunza tonse chonchi.

"Ndimuchotse m'chidebemu? Akakhale yekha?"

Nyama yapserera pamoto. Palibe wadya.

Loweruka, 18 Okutobala

Ndaimbira Joanne kutangocha, sakuyankha, ali kale panjira. Ndimuuza pakhomo pompano, akwiye akwiye. Mutu wa bambo ake uli bwino. Chikudwalacho ku Billings kulibe dokotala wake. Makina sachoka pano.

Takhala awiri m'galaja, kupatula. Akana chitini, akana shelefu. Ndati ofiirawo ndiziika m'thumba la epuloni yanga. Anaganiza kaye. "Chabwino. Akhale ndi mayi ake."

Akutembenuza lililonse n'kundipatsa, likadali lofunda ndi dzanja lawo. Ndimati ndine wolimba pa awirife. Chidebe sichinafike n'pakati pomwe, ndathawira kuno kukhitchini ngati ndikukatenga khofi. Galu wayamba kuuwa, galimoto yalowa pageti. Thumba likulemera, ndikasuntha pang'ono makokowo akugundana, ndipo ine...