Mayi Aang'ono Akana Kulira

Lolemba, 9 Juni

Mwezi ukutha chibwerereni kuno kudzasamala ababa. Saluni yanga ndinasiyira atsikana, ndipo ndikukhulupirira kuti pofika lero awotcha mitu ya makasitomala anga onse.

Sitiroko inawafoola ababa mbali yakumanja n'kuwalanda mawu. Anatsala ndi liwu limodzi lokha: "ayi". Tiyi? Ayi, uku akulandira kapu. Mwadzuka bwanji? Ayi. Kunena zoona, sindikuona kusiyana kwenikweni ndi mmene ankatiyankhira tili ana.

Lero akana chakudya, akana mafizo, angokhala pakhonde maso ali kushedi. Kumeneko ndi kogona Mayi Aang'ono, njinga yamoto ya matayala anayi imene ankapitira kuphiri kukaona ming'oma yawo ya njuchi. Dzinalo anaipatsa ndi malemu amayi, ati poti inkapukutidwa tsiku ndi tsiku pomwe iwo sankafunsidwa n'komwe ngati mutu wasiya kuwawa.

Lachiwiri, 10 Juni

Achimwene aimba foni. Apeza munthu wofuna kugula njinga, abwera naye Lamlungu, kenako ababa tiwatengere kutauni "akapume". M'nyumba yosanja, pawindo, kuonerera magalimoto a eni. Ababa amva zonse, poti achimwene akamayankhula pafoni amakuwa ngati akufuna mawuwo afike okha wapansi.

Ndakankhira chikuku chawo kushedi. Ndati, "Ababa, tiilize?" Ayi wa ulendo uno anali wofewa, wautali. Ine ndamva kuti inde.

Ndatembenuza kiyi, ndadina batani. Kha! Ndadinanso. Kha! Zikomo Mayi Aang'ono, mwafotokoza momveka bwino.

Lachitatu, 11 Juni

Batire ndatchaja. Pamitu pake panali zoyerayera ngati chuku, ndapala ndi sandipepa mpaka mbee, ndamanganso mawaya. Kha!

Ababa analoza nyundo ndi ndodo yawo, kenako analoza kachitsulo kakuda konga chitini pansi pa injini. Ndiye sitata imeneyo. Ndinaimenya. AYI! Ndinaigogoda pang'ono. Ayi. Apa ndiye ndayamba kuwamva: wamkulu ndi woletsa, wamng'ono ndi wovomera, wotulukira m'mphuno ndi wakuti mwana uyu anatengera kwa amayi ake.

Ndikugogoda uku ndikudina batani, sitata inazungulira kamodzi ngati munthu wotembenuka pabedi, n'kupitiriza tulo. Ababa anagwedeza mutu. Vuto lili m'kati mwake.

Zikhadabo ziwiri zapita. Zinali zatsopano.

Lachinayi, 12 Juni

Ndamasula sitata, ndapita nayo kwa wogulitsa masipeya. Wandiyang'ana kuchokera kumapazi n'kuti, "Amuna anu sanathe kubwera okha, mayi?" Ndamuuza kuti ndawasiya akuluka tsitsi.

M'kati muli timakala tokhudza chitsulo chozungulira, ati mabulashi. Athu anatha, anangotsala mbiri. Ndagula ena. Powaika kasipuling'i kanadumpha n'kusowa. Ndinakwawa shedi yonse, pansi pa benchi, kuseri kwa zigubu, mutu uli kangaude yekhayekha. Ababa anakaona pomwe kanagwera, pafupi ndi phazi lawo, koma anandisiya ndimalize kaye ulendo wanga. Nditadzutsa mutu ndinapeza akuseka ndi theka la nkhope. Masana adya mbale yonse. Kani mankhwala awo n'kuona mwana wawo akuvutika, adokotala sananene.

Chakumadzulo yalira! Utsi tolotolo, nkhuku balala, ine kuvina ndi sipanala m'manja. Ndinakwera, ndinaika giya, ndinapatsa moto. Injini kukuwa ngati tikunyamuka kupita kumwezi. Njinga osasuntha olo pang'ono. Kenako fungo la labala wopserera.

Ababa anangoloza chivindikiro cha m'mbali. Sanadabwe. Ankadziwa kuyambira kale, anangofuna ndivine kaye.

Lachisanu, 13 Juni

Ndatsegula chivindikiro chija. M'kati muli lamba wothetheka, chisa cha makoswe, ndi sokosi ya ababa imene amayi anaisaka mpaka kukangana ndi aneba. Pepani aneba.

Lamba amayenda pakati pa zitsulo zonga mbale zoyang'anana. Ukapatsa moto mbale zakutsogolo zimayandikana n'kumupana, njinga n'kuyenda. Kilatchi yake ndi imeneyo. Zathu zinagwidwa dzimbiri, sizisuntha, zili ngati banja losayankhulana.

Ababa atagona masana ndinati ndiwadabwitse. Ndinakwecha dzimbiri lonse, ndinapaka girizi paliponse, mbale zikuchita kunyezimira ngati mutu wa mkwatibwi. Atadzuka ndinawakankhira kushedi monyadira.

Ayi wake anamveka mpaka kumsewu. Galu anathawira kunsi kwa thanki.

Kani poyenda lamba pamafunika pouma gwaa, apo ayi amangoterera. Dzuwa lalowa ndikutsuka ntchito ya manja anga ndi sopo ndi madzi otentha, bwana ali pambali kulondera ndi ndodo.

Loweruka, 14 Juni

Lamba watsopano. Wamasipeya lero wandipatsa mpando n'kunditchula kuti amisiri. Lambayo ali ndi timivi tosonyeza kolowera, ndipo ndinatiwona bwinobwino nditamaliza kumanga mabawuti onse.

Lamlungu, 15 Juni

Yayenda. Ndazungulira nayo bwalo, ndagunda mtengo wa chingwe choyanikira zovala, koma yayenda.

Ndikutola zovala pansi, achimwene ndi wogula uja anatulukira. Achimwene ali mu jekete, nsapato zikuwala. Ndinawauza kuti asanagulitse chilichonse andithandize kukweza mwini wake.

"Iwe, ukufuna kupha munthu?"

Ababa anali atayamba kale kudzikoka pachikuku. Achimwene anawanyamula akung'ung'udza. Titawakhazika, msana unawongoka, chibwano m'mwamba. Anadina batani ndi chala chakumanzere, injini n'kulira kamodzi n'kamodzi.

Kachitsulo kopatsira moto kali kumanja. Kamakankhidwa ndi chala chachikulu chakumanja.

Sabata yonse ine ndi nzeru zanga sindinaganizeko zimenezo. Ndinanyamula dzanja lawo n'kuliika pachigwiriro. Linatsetsereka n'kugwera pantchafu. Ndinaliikanso. Linagwanso. Wogula uja anayamba kuyang'ana foni yake. Ababa anayang'ana kuphiri, kenako dzanjalo, nthawi yaitali, injini ikungolira pansi pawo.

Kenako anadzikhwekhwereza chakumbuyo n'kumenya mpando kutsogolo kwawo ndi chikhatho. Pha pha. Akuyang'ana ine.

Ndinakwera. Dzanja lawo lakumanzere linandizinga m'chiuno. Achimwene anatola shiti ya pabedi pa zovala zinagwa zija n'kutimangirira pamodzi, mfundo ziwiri. "Pang'onopang'ono iwe, wamva?"

Tafika kuming'oma. Ababa anakhala duu kumvetsera njuchi, ine womangidwa nawo, kothawira kulibe. Imodzi yandiluma pachikope. Iwo sizinawakhudze, zimadziwa bwana wake. Pobwerera ankanditsina m'nthiti ndikalowa m'dzenje lililonse, ndipo tinakumana ndi achimwene pakati pa chitunda akutitsatira wapansi, wefuwefu, nsapato zija zili fumbi lokhalokha. Wogula uja sindikudziwa ananyamuka nthawi yanji.

Ndikulemba ndi diso limodzi. Panjapo ababa akuwalozera achimwene tayala lakumbuyo ndi ndodo, laphwa. Achimwene avula jekete, akufunsa komwe kumakhala pampu.