Sipuni ya Morfudd

Algeria, 9 Meyi 1942

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo nkhosa zaswa popanda vuto. Ine ndili moyo muno m'kampu ya akaidi a nkhondo, ngakhale mchenga umalowa ndi mu buledi momwe.

Masiku ano ndikusema sipuni ndi msomali wonola. Mlonda wina anandiseka. "Iwe Mngelezi, msuzi wake uti?" Ndinamufotokozera modekha kuti sindine Mngelezi, komanso kuti kwathu ku Wales mnyamata amasemera sipuni mtsikana amene akufuna kumanga naye banja. Anasiya kuseka, ndipo m'mawa mwake anandibwereka mpeni.

M'makalata anu awiri apitawa simunamutchule Morfudd wanga. Mwina pepala linakucheperani. Pa sipuni ija pangotsala chogwirira chokha, Azakhali. Kodi ndimalize?

Ndine mwana wanu,
Emrys