Chotupa cha Makutu

Lolemba, 9 Juni

Makutu ali ndi chotupa pansi pa tsaya, cholimba ngati nyemba youma. Ndachipeza pomusisita m'mawa. Akudya bwinobwino, koma ine mtima uli m'mwamba. Kalulu ameneyu ndi wa mwana wathu, ndipo ponyamuka kupita kusukulu yogonera komweko anandilumbiritsa kuti adzamupeza wamoyo.

Ndawauza bambo ake. Osacheuka n'komwe. Akuti, "Mankhwala a kalulu ndi poto." Chibwerereni Makutu pakhomo pano sanamutchulepo dzina, amangoti "chinyama chanucho."

Lachiwiri, 10 Juni

Chakulako. Mlamu wanga wabwera ndi udokotala wake: kuwotcha singano, kuboola, kufinya, basi. Singanoyo ndinaitengadi, koma Makutu atandiyang'ana ndinalephera. Ndaibwezera m'chitini.

China. Pochapa ndapeza masamba a karoti m'thumba la jekete ya bambo. Wometa anthu tsitsi amatani ndi karoti?

Lachitatu, 11 Juni

Lero sanadye. Ndaimbira foni dokotala wa ziweto, akuti tisayerekeze kufinya, tipite naye msanga. Ine kuntchito sangandimasule mpaka Loweruka, ndipo njinga yamoto amayendetsa ndi bambo. Yankho lawo: "Ine ndi ndevu zangazi, kuberekana ndi kalulu mumsewu? Makasitomala anga amve?"

Madzulo ndikutsuka mbale ndawaona pawindo atanyonyomala pakhola, tsamba lili m'manja. "Idyako pang'ono, mnzanga." Mnzanga. Chabwino, tiona.

Lachinayi, 12 Juni

Ndawauza ndi nkhope youma kuti ananena zoona, mawa timupha. Ndagula anyezi ndi tomato n'kuziika patebulo poonekera. Kenako ndakhala pakhomo penipeni n'kumanola mpeni, mosafulumira, mpaka anachepetsa wailesi.

"Mwana mukamuuza chiyani?"

"Ndimuuza kuti anali maganizo a bambo ake."

Anatsokomola. Chakudya sanamalize.

Kuseka ndaseka ndekha kukhitchini, koma kunena zoona ndili ndi mantha. Makutu wangokhala pakona, makutu ali lende. Msamphawu ukapanda kugwira, Loweruka likhoza kutipeza tachedwa.

Lachisanu, 13 Juni

M'khola mulibe kalulu. Njinga palibe. Mpeni nawo wasowa.

Madzulo abwera naye m'chikwama cha matawulo a kuntchito. Akuti anangodutsirako, njira inali yomweyo. Njira yomweyo bwanji, kwa dokotala ndi mbali ina ya tawuni. Chinali chithupsa. Achitumbula, achotsa mafinya, atipatsa mankhwala, ndipo bala tizitsuka m'mawa ndi madzulo.

Ndimayembekezera kuti adandaula zoti atseka malo ometera tsiku lonse. Ayi. Chawapweteka ndi mmene dokotala wametera ubweya pozungulira balalo. "Munthu wophunzira, kumeta ngati padutsa makoswe."

Loweruka, 14 Juni

Wadya. Ndalira pang'ono m'bafa, asandione.

Lamulungu, 15 Juni

Ndawapeza pakhonde, Makutu ali pamiyendo atamufunditsa nsalu yomwe amaveka makasitomala. Kalumo kakang'ono m'manja, chipeso pakhutu, akuwongola m'mphepete momwe dokotala analakwitsa. Makina akuti ayi, phokoso lingamuopse. Mpaka kumupendeketsa mutu ndi chala chimodzi ngati munthu.

Foni inalira, mwana. Ndisanamalize moni anandilanda. "Makutu ali bwino, mayi. Anadwalako pang'ono koma tathana nazo. Amayi akowa ndiye anatsala pang'ono kumuphika." Ine pakamwa yasa.

Atadula foni ndinawafunsa za mpeni wanga, anyezi aja akumera patebulo.

Anapitiriza kumupesa Makutu, osandiyang'ana.

"Mpeni uti?"