Mwana wanga akufunsa chifukwa chake foni inasiya kunjenjemera

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 54. Vuto langa mwina muliseka, chifukwa ndi la foni. Ndikufuna njira yosafuna ndalama yoti ndizidziona pa sikirini pamene ndikudzijambula ndekha. Kamera ya kutsogolo inafa kalekale foni itagwera m'beseni, ndiye ndimagwiritsa ntchito ya kumbuyo. Ikamandiyang'ana, sikirini imakhala itandifulatira. Ndimangolankhula osadziwa chimene chikulowa.

Ndili ndi mwana mmodzi yekha, Sosina. Amagwira ntchito ya m'nyumba ku Beirut, chino ndi chaka chachitatu, ndipo abwana ake amamupatsa foni Lamulungu lokha. Chipitireni, Loweruka lililonse timamujambulira kavidiyo ka khofi: ine ndikukazinga, ndikusinja, ndikuthira m'timakapu, lubani akufuka, udzu wauwisi titayala pansi. Amati akamaonera amamva fungo la kwathu.

Ogwira foni anali bambo ake, a Belayneh. Pa chithunzi sankaonekapo, ankati nkhope yawo ingaswe kamera yotsalayo, koma kumveka ankamveka. Manja awo ankanjenjemera, ankatsokomola, ndipo kukhala chete sankakutha. "Mayi iwe, tadzutsa mutu! Mwana akufuna nkhope, osati liwombo." Ine ndinkati, "Inu gwirani bwino foniyo, mukuigwedeza ngati mwakwera bulu." Sosina ankati amaseka mpaka abwana ake kubwera kudzasuzumira.

A Belayneh anamwalira masiku 58 apitawo. Sosina sakudziwa.

Mukudziwa kuti uthenga wa maliro sitiuponya pa foni. Anthu amabwera m'mamawa, kukhala nawe pansi, kenako n'kukuuza. Ku Beirut tilibe wachibale. Alamu anga a Damtew, akulu awo a malemuwa, anagamula kuti tidikire mpaka nthawi ya ntchito ya Sosina ithe, miyezi isanu ndi iwiri ikubwerayi. Anati, "Akamva ali yekha m'nyumba ya eni, adzamugwira ndani? Inu pitirizani kutumiza mavidiyowo ngati palibe chachitika."

Ndiye Loweruka likafika ndimatseka chitseko. Ndimavula zakuda, kuvala diresi la maluwa, kumanga duku lachikasu kubisa mutu umene ndinameta pa maliro. Chithunzi cha a Belayneh ndi kandulo yake ndimazichotsa pakhoma. Foni ndimaitsamiritsa ku chitini cha tsabola pa tebulo. Ndimathira makapu awiri, ina ndimaipereka cha kumene kuli foni, ngati pali dzanja loilandira.

Koma poti sindikuona, zimandilaka. Sabata ina ndinatuluka wopanda mutu. Ina, nsalu yakuda imene ndinakoleka pa chitseko inalowa m'mbali mwa chithunzi. Ina duku linasendera kumbuyo ine osadziwa. Ndimabwereza kasanu kapena kupitirira, khofi mpaka kuzizira, kenako ndimamwa ndekha makapu onse awiri. Mnzanga wa khomo loyandikana, mayi Askale, akamva fungo amagogoda: "Khofi wotsekera chitseko ameneyu ndi wa dziko liti? Kumana mwayamba liti, mayi inu?" Sindimutsegulira. Angandione bwanji ndili m'maluwa, manda a mwamuna wanga asanamere n'komwe udzu?

Lamulungu lapitali Sosina ananditumizira uthenga wa mawu pa foni. Anati, "Amayi, manja a Ababa anachira? Vidiyo siikugwederanso. Koma auzeni asiye kukudulani mutu. Nanga bwanji sakukukalipiraninso? Auzeni atsokomoleko ngakhale kamodzi, ndimve."

Mawu amenewa ndawamvetsera kosawerengeka. Aphungu, foni yatsopano sindingaikwanitse. Ndiuzeni chabe mmene ndingamaonere sikirini ndili pa kampando kanga. Ndikamadziona ndidzatha kubisa bwino.

W. T., Dessie

Mayi W. T.,

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinatha pa yunivesite. Madigiri awiri ali pakhoma, ndimawapukuta fumbi mwezi ndi mwezi. Lero ndadzuka ndili wokonza mafoni wa pansi pa ambulera kumsika! Chabwino, mwafunsa, ndiyankha, chifukwa nzeruyi mudzaifuna ndithu, ngakhale si pa ntchito imene mukuganizayo.

Tengani galasi lodziyang'anira, ngakhale laling'ono la m'chikwama. Liimikeni kuseri kwa foni, liyang'ane kwa inu, kuti sikirini izionekera m'menemo, chitini chisaiphimbe. Mukaliika kuseri kwenikweni foniyo idzalitchinga, choncho likwezeni pang'ono pa buku kapena lisunthireni pambali, n'kumalipendeketsa mpaka mutadziona muli pa kampando kanuko. Walitsani sikirini mpaka pamapeto. Pokhala, yang'anani kumene kukuchokera kuwala, zenera lisakhale kumsana kwanu, apo ayi mudzatuluka ngati chithunzithunzi. Ndipo galasilo ndi longoonera ngati mutu ulipo. Mukayamba kulankhula, maso akhale pa kadiso ka kamera, osati pa galasi, kuopa kuti mwana angaganize kuti mukulankhula ndi munthu wa padenga.

Ngati maso anu sakuona patali, njira ina nayi. Imikani tsache pa kampando, kutalika kwake kufanane ndi kwanu mutakhala pansi, mulimange duku. Pitani kuseri kwa foni, konzani chithunzi mpaka mayi Tsache atalowa onse, lembani ndi choko pamene pali miyendo ya kampando ndi pamene pali chitini, kenako achotseni mayiwo mukhalepo inu. Loweruka linalo simudzayezanso. Basi, digiri yanga ya zamafoni yathera pamenepo.

Tsopano ikani khofiyo pansi, tikambirane.

Pepani kwambiri chifukwa cha a Belayneh. Ndawerenga kalata yanu ndipo ndawamva akutsokomola. Koma mayi, mwana amene wazindikira kuti foni yasiya kunjenjemera si mwana woti mungamunamize ndi duku lachikasu. "Auzeni atsokomoleko" si nthabwala ayi. Ndi funso la munthu amene akuopa kufunsa. Iye akuopa kufunsa, inu mukuopa kuyankha, ndipo aliyense wadzitsekera m'chipinda chake, wina ku Beirut wina ku Dessie, akumwetulira foni. Galasi langa lidzakuthandizani kuchotsa nsalu yakuda m'chithunzi. Mawu a bambo ake silidzawabweza.

A Damtew ali ndi mfundo, theka lake. Zoona, Sosina asamve ali yekha. Koma mwambo umati munthu asauzidwe ali yekha, sunena kuti asauzidwe. Ndipo taonani mmene agawira ntchito alamu anuwa! Iwo akulira mng'ono wawo poyera, atavala zakuda, anthu akubwera kudzawapepesa. Inu, mwini maliro, Loweruka lililonse mukuvula chisoni ngati malaya, kuseka ndi chitini cha tsabola, n'kubisala kwa mnzanu ngati mwaba. Sewerolo analemba iwo, koma wosewera ndinu nokha, ndipo akufuna lipitirire miyezi isanu ndi iwiri. Ine ndakana m'malo mwanu.

Sabata ino pitani kwa wansembe wanu, amene anayendetsa mwambo wa maliro. Ku Beirut mulibe wachibale, koma ana athu aliko ambiri ndipo amasonkhana kupemphera. Ansembe amadziwana, wanuyo alankhule ndi wa kumeneko. Apemphe amayi awiri kapena atatu achikulire a kumeneko kuti akakhale abale a Sosina tsiku limenelo. Amayiwo ayambe alankhula ndi abwana ake, kuti mwanayo apatsidwe foni ndi masiku olira, asauzidwe uku mbale zikumudikira. Kwa a Damtew musapite nokha. Pitani ndi wansembeyo, ndipo mukawadziwitse mwaulemu zimene zakonzedwa. Kudziwitsa, osati kupempha chilolezo. Mwana ndi wanu.

Chitani zimenezi mwambo wokumbukira malemu wa tsiku la 80 usanafike. Maliro anamudutsa, tsiku la 40 linamudutsa. Ili lokha lisamudutse. Pamene inu mukuyatsa kandulo kuno, nayenso ayatse yake kumeneko.

Amayi aja akamuuza, muimbireni pomwepo, foni yoonana maso ndi maso, osati vidiyo yokonza kasanu. Apa ndi pamene galasi lija ligwire ntchito yake. Valani zakuda zanu, duku lachikasu likhale m'bokosi, chithunzi cha bambo ake chibwerere pakhoma, ndipo onetsetsani m'galasimo kuti zonsezo zalowa, ndi nkhope yanu yonse. Adzakwiya. Adzakufunsani kuti, "Masabata onsewa mumathirira ndani kapu yachiwiri ija?" Musadziteteze, ndipo musaloze chala a Damtew. Muuzeni kuti munkaopa, ndi kuti munkamwa nokha. Kukwiyako kudzatha. Koma akadzatsikira pa bwalo la ndege ndi malaya amene wagulira bambo ake m'chikwama, n'kuona anthu onse ovala zakuda, icho sichidzatha msanga.

Za mayi Askale ndiye musandiyambe. Munthu akununkhiza khofi wanu pansi pa chitseko kwa miyezi iwiri, akugogodabe, inu mukulembera kalata mlendo wa m'nyuzipepala kufunsa za galasi? Mutsegulireni. Muuzeni zonse, ndi za diresi la maluwa zomwe. Adzakukalipirani, ndipo mwakhala nthawi yaitali opanda wokukalipirani. Kapu yachiwiriyo ili ndi mwini wake pakhomo pomwepo.

Fulumirani, mayi. Pa maliro paja panali mafoni ochuluka kuposa makandulo. Pangofunika mdzukulu mmodzi wachifundo chambiri kuika chithunzi cha a Belayneh pa masamba a mchezo, ndipo Sosina adzamva m'njira imene nonsenu mukuiopayo: ali chilili, ali yekha, m'khichini ya eni.

Ndipo podikira kuti zonse zikonzeke, musayerekeze kupeza bambo wina woti adzatsokomole kuseri kwa foni. Musakane, ndikudziwa kuti mwaganizapo kale. Chifuwa cha bambo ake akuchidziwa.

Aphungu