Alamu Akuti Tisinthe Difu Yam'mbuyo Yokha

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuno kutsidya kwa nyanja, kuyambira ku Armadale mpaka ku Cannington. Galimoto pakhomo pathu ndi imodzi, Patrol yakale. Ine ndimayendera ntchito mkati mwa sabata, ndipo Loweruka amuna anga, bambo a Tawina, amakakwerera miyala kumapiri ndi anzawo.

Chaka chatha anaikako matayala akuluakulu ngati a thirakitala. Kuyambira pamenepo galimoto imanyamuka mwaulesi pa maloboti, ndipo sipidomita imanama: ikamaloza 100, ndimakhala nditapitirira kale. Makamera a pamsewu andijambula katatu, kawiri pa nyengo ya tchuthi pamene mapointi a chilango amawirikiza. Akafika 12 layisensi amalanda, ine ndili ndi 10. Layisensi ikapita ntchito yapita, ndipo viza ya banja lonse yatsamira pa ntchito yangayi.

Tsopano amuna anga akufuna kusintha magiya a mu difu, chitsulo chapansi chozunguza matayala, kuti galimoto izikwawa bwino pamiyala. Akuwalangiza ndi akulu awo, a Paterson, makaniko wa ku Lilongwe amene anawalera makolo atamwalira. Ndinawamva pa foni akuti, "Sintha yam'mbuyo yokha, mphwanga. Yakutsogolo imangogona, imadzukira kutchire. Kuno timatero tsiku ndi tsiku." Amuna anga anangoti, "Chabwino achimwene." Magiyawo agula kale kwa ophwasula magalimoto, ndipo Loweruka lino akufuna kumasula pakhomo pompano, foni itatsamira pa njerwa, alamu akulozera pa vidiyo.

Nditafunsa ngati sitingapite kwa makaniko wa konkuno, anati sangachititse manyazi munthu amene anawagwiritsa sipanala koyamba. Zamagiya sindizidziwa, Aphungu, koma ndikuopa. Lolemba pa chiwongolero padzakhala ine, mayi wa zaka 88 amene ndimamusamalira ali pambali panga, ulendo wa kuchipatala ku Fremantle. Ndiwatsutse bwanji alamu popanda kuoneka wamwano?

A.N., Armadale

Mayi a Tawina,

Mantha anuwo ndi omveka, musachite nawo manyazi. Alamu anu anena zoona pang'ono: pa phula difu yakutsogolo imapumadi. Koma amuna anu akangoika 4L pamwala, giya yokwawira imene imakoka matayala onse anayi, matayala akutsogolo ndi am'mbuyo adzakokana, ena kufulumira ena kuchedwa, mpaka china chake chithyoke. Chikapanda kuthyokera kuphiri, chidzabwera kunyumba ndi mng'alu n'kudzathera m'manja mwanu pamsewu waukulu. Difu amasintha zonse ziwiri kuti zifanane, apo ayi osazikhudza n'komwe.

Pali njira ina imene bambo a Tawina angaikonde. Kunsi kwa galimoto kuli kabokosi kogawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, amati thiransifa kesi. Mmenemo amatha kusintha magiya a 4L okha, osakhudza a pamsewu. Kuphiri galimoto izikwawa pang'onopang'ono monga akufunira, m'tauni iziyenda monga kale. Ulesi wa pa maloboti ndi bodza la sipidomita zabwera ndi matayala. Matayala akuluakuluwo akhale a Loweruka. Mkati mwa sabata azibwezera oyamba aja. N'zotopetsa, inde, koma ofuna miyala ndi iwo, jeki agwire okha. Makaniko wa konkuno akuuzeninso ngati zosinthazi zikufuna chilolezo cha boma, ndipo a inshuwalansi adziwe.

Za alamu, wowatsutsa asakhale inu. Khalani pansi ndi amuna anu lero, muwaonetse makalata atatu a mapointi aja. Kenako awaimbire akulu awo, awauze zonse, viza ndi zonse, n'kuwapempha kuti adzaonerere pa vidiyo ntchito ikamachitika ku galaja. Ulemu wawo sutsika. Munthu amene analera mphwake sangafune kumuona akulongedza katundu wobwerera kumudzi chifukwa cha difu.

Pakadali pano liwiro muzilitsimikiza ndi GPS, ndipo muziyenda mochepera pa malire. Koma Loweruka sipanala ikatuluka ndithu, Lolemba musakwezemo mayi wachikulire uja. Imbirani kuntchito msanga akupezereni galimoto ina. A Paterson akadula foni amatsala ku Lilongwe, layisensi yawo ili m'thumba. Wotsala ndi mapointi awiri ndinu.