Belu Langa ndi Chitsulo cha a Yoram

Luwawa, Mzimba
Lachinayi, 17 Okutobala

Okondedwa achemwali a Enifa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Kuno tonse tili moyo. Ndanena dala kuti tili moyo, chifukwa ndikati tili bwino ndikhala ndikukunamizani.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati anthu akale. Netiweki kuno imagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo pachulupo sipasowa anthu. Ukamayankhula, layini yonse ya nyumba za kampani ya matabwa imamva. Kalatayi ndapatsira a Ishaka, aja amabwera ku Dedza kudzapikula kachewere. Akuti akupezani Loweruka. Chonde muwerenge muli nokha.

Mukudziwa kale kuti chaka chino ana ndikuwaphunzitsa ndekha. Sukulu ili kutali, maola awiri kudutsa m'nkhalango ya paini, mumsewu womwewo wa malole a matabwa. Patience anayesa teremu imodzi, ankabwera mapazi atatupa. Nanga Ian wa zaka zisanu akanatha? Mabuku aja munatumiza atithandiza kwambiri. Patience akuwerenga tsopano, ndipo Ian amalemba dzina lake ngakhale N wake amayang'ana kumbuyo.

Kalasi tinaimanga kuseri kwa nyumba, kuwoloka msewu wotchinga moto, pamthunzi wa mapaini oyambirira. Alamu anu a Thom anatikhomera mabenchi awiri a zigwagwa zotsala ku makina ochekera, ndi bolodi la thabwa lopaka makala. Ine n'kumadzimva ngati ahedi enieni.

Munandilangiza kuti ana a pakhomo salemekeza maphunziro ngati palibe nthawi yake ndi malamulo ake. Munanena zoona, ndipo sindikukuimbani mlandu. Kungoti ine ndinapyola muyeso. Ndinatola chitsulo cha gudumu la galimoto padzala, ndinachipachika pamtengo, chikhale belu. M'mawa ndimakhala ndi ntchito, ndiye sukulu yathu imayamba 2 koloko masana. Lamulo linali lakuti belu likalira, siya chilichonse, thamangira m'kalasi, pinda manja, ndipo usadzuke mpaka aphunzitsi afike. Tsiku lina Ian anadzuka kukathamangitsa chiwala, ndinamukwapula ndi kamtengo m'miyendo. Kuyambira pamenepo sanadzukenso.

Chimene simukudziwa ndi ichi. Kuno nyengo ya moto ikafika, amuna khumi ndi awiri sapita kocheka. Amakhala pashedi tsiku lonse kudikira, zozimira moto zili pambali. Alamu anu ali m'gulu limeneli. Munthu wa pansanja yoonera moto akaona utsi amaimbira foni mlonda wa pageti, ndipo mlondayo amamenya chitsulo chachikulu kuti gulu lidzambatuke. Mlonda wake ndi a Yoram, bambo achikulire a ku Embangweni, otsimphina mwendo umodzi. Chitsulo chawo nachonso ndi cha gudumu, ngati changa.

Tsiku loyamba kuliza belu langa m'mwezi wa Ogasiti, amuna onse anatulukira kuseri kwathu akuthamanga, wina nsapato imodzi kumanja. Anapeza ana awiri atapinda manja, ine ndili ndi khala. Kunali kuseka! Koma akapitawo awo, a Conrad, sanaseke. Anandiuza kuti chitsulocho ndichitsitse tsiku lomwelo, ati kuno chitsulo chimalira pa chinthu chimodzi chokha.

Ndinachitsitsa, achemwali. Sabata imodzi. Kenako ana anayamba kuzengereza, ndikaitana pakamwa ankangoti tikubwera. Mutu wanga wouma uja mumaudziwa. Ndinachipachikanso, n'kumadziuza kuti ndizimenya pang'onopang'ono. Koma Patience ndiye anakonda udindo woliza, ndipo mwana samenya pang'ono.

Amuna aja anathamanganso kachiwiri. Kachitatu anangoimirira n'kusuzumira. Pofika Seputembala sankatukulanso mutu pa bawo. Likalira ankangoti m'Chitumbuka chawo, ni sukulu ya anyina Patience, mbwenu. A Conrad nawo anatopa n'kungozisiya. Ine ndinkanyadira kuti ndapambana.

Lachiwiri la sabata yatha kunali chimphepo kuyambira m'mawa. Madzi anachedwa kutuluka pampopi, ndiye 2 koloko inandipeza ndikuchapa. Ndinamva chitsulo chikulira. Ndinauza mayi woyandikana naye kuti mwana uyu wayambanso kuliza ndisanamutume. Potembenuka, ndinaona Patience ali pambali panga, akutsukuluza malaya.

Chitsulo chinkalirabe, mosalekeza, ndipo tsopano ndinamva bwino kuti kulirako kukuchokera kugeti.

Ndinathamangira kushedi thovu lili m'manja. Ndinakuwa kuti si belu langa, ndi a Yoram. Mmodzi anandiyankha kuti ahedi mwachedwa, ana ayamba okha sukulu. Onse anaseka, ndi alamu anu omwe. Ndinalumbira, ndinagwira wina malaya. Anasiya kuseka pamene phulusa linayamba kugwera m'maenje a bawo. Nthawi imeneyo n'kuti chitsulo chitasiya kulira.

Ndinathamangira kunyumba kukatenga Ian, amene ndinamusiya akugona pamphasa. Pamphasa panalibe munthu. Kuchimbudzi kunalibe. Ndinaitana mpaka mawu anasasa. Ndi Patience amene anandikoka chitenje n'kunena kuti amayi, belu lalira, Ian ali kusukulu.

Achemwali, simunaonepo moto wa paini, ndipo Mulungu akuthandizeni musadzauone. Masamba ake ouma amaunjikana pansi mpaka m'akakolo, ndipo amayaka ngati awathira palafini. Umamveka ngati lole yodzaza matabwa ikukwera chitunda. Kuseri kwathu kunali utsi wokhawokha, bolodi silinkaoneka.

Ndinamuona ndili pamsewu wotchinga moto uja. Anali pabenchi, atapinda manja, akutsokomola, misozi ili mbwembwembwe. Ndinakuwa kuti Ian thawa. Sanasunthe. Kumbuyo kwake, mkati mwa utsi, munali a Yoram. Ataona kuti palibe akubwera anasiya chitsulo n'kudzera m'nkhalango kudzaitana anthu, ndipo moto unawatsekera pakati pa iwo ndi mwana. Ankaupuntha ndi nthambi kuti usafike pamabenchi, uku akumukuwira mwanayo kuti achoke. Anandiuza pambuyo pake kuti Ian ankangoyankha kuti aphunzitsi sanabwere.

Nditafika pabenchi anaimirira, manja m'mbali monga ndinamuphunzitsira, n'kuyamba kunena kuti mwaswera bwanji aphunzitsi. Sanamalize. Ndinamunyamula ngati thumba n'kuthawa naye. Tsitsi lake linali litayamba kununkha.

Ian ali bwino, kupatula chifuwa. A Yoram anapsa manja onse awiri ndi mwendo wawo wabwino uja. Anawatulutsa ndi alamu anu. Moto unayaka masiku awiri, ndipo phiri lonse la kumbuyo kwathu latsala zitsa zakuda.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa kalatayi.

Mabwana a kampani anabwera. Foni ya wa pansanja ikuonetsa nthawi imene anaimbira kugeti, ndipo akufunsa chifukwa chimene gulu linachedwera theka la ola. A Conrad anasonkhanitsa amuna onse kuseri kwa shedi. Anawauza kuti akavomera kuti anamva chitsulo n'kupitiriza bawo, onse khumi ndi awiri ntchito yatha, ndi iwo omwe chifukwa cholekerera belu langa. Ndiye anagwirizana kunena kuti chitsulo sichinalire. Akuti mdala uja anali atagona, anadzidzimuka moto utafika kale.

A Yoram atsala ndi miyezi isanu kuti apume pa ntchito, atalondera geti limenelo zaka makumi awiri. Akawapeza olakwa achoka ngati munthu wogona pa ntchito amene anaotcha nkhalango, opanda chilichonse, ndi manja amene mwina sadzagwiranso khasu.

Belu langa alamu anu analiponya m'damu. Anandiuza kuti nditseke pakamwa. Anandifunsa kuti ndikayankhula tikakhala kuti, poti nyumba ino ndi ya kampani, ndipo kwawo ku Ntcheu munda anagawana kale abale. Anatinso mabanja khumi ndi awiri adzatiloza chala moyo wathu wonse. Musawaone ngati munthu woipa. Chichitikireni sakudya, amangokhala pakhonde kuyang'ana phiri lopsalo. Akuopa monga ndikuopera ine.

Azimayi a palayini akundipatsa moni wabwino kuposa kale. Wina anandibweretsera masamba a mpiru osawapempha, n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali. Ndikumva tanthauzo lake. Ndikamapita kumpopi ndimamva ngati aliyense akuyang'ana pakamwa panga.

Lamulungu ndinakwera lole kupita kuchipatala ku Mzimba boma kukawaona. Akazi awo, anyaTembo, anandilandira ndi manja awiri, akuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene, yewo chomene, chifukwa cha kapaketi ka shuga. Ndinafuna nthaka ing'ambike. A Yoram anayamba ndi kufunsa za chifuwa cha mwana. Kenako anati amva zimene zikunenedwa. Anati iwo akukumbukira kuti anamenya chitsulo mpaka phewa linawawa, koma poti anthu khumi ndi awiri onse sanamve, mwina ukalamba wawalanda mphamvu, mwina ankangochisisita. Anandifunsa kuti, mama, inu simunamveko ngakhale pang'ono?

Ndinawerama n'kuyamba kukonza nsalu ya pabedi. Munthu amene anapsa chifukwa cha mwana wanga anandifunsa funso limodzi, ine n'kumakonza nsalu.

Mukukumbukira munandiuza kuti Patience azilemba m'kope chiganizo chimodzi kapena ziwiri tsiku lililonse, za zimene waona, ndi deti pamwamba? Sukulu taimitsa, koma iye sanasiye. Dzulo anandibweretsera kope kuti ndichonge. Pa 8 Okutobala analemba kuti: Lero belu linalira kwambiri koma sindinalize ine. Analiza agogo Yoram. Anthu anaseka.

Alamu anu anawerengera paphewa panga. Anati tsambalo ling'ambidwe. Patience anafunsa ngati walakwitsa. Anaima pamenepo akundiyang'ana, akudikira kuti aphunzitsi anene.

Ndinafufuza cholakwa, achemwali, ndinafufuza ndithu. Ndikanapeza ngakhale chilembo chimodzi chokhota ndikanapeza pothawira. Munalibe. Ndinatenga bolopeni yofiira ija munandipatsa, ndinachonga, n'kulemba pansi pake kuti wakhoza. Alamu anu anatuluka panja, ndipo mpaka pano sitinayankhulane.

Mabwana akubweranso Lolemba m'mawa kudzagamula. Akazi sitiitanidwa kumisonkhano imeneyi, koma ndipita, kope lili m'chitenje. Ndikanena kuti chitsulo chinalira, kuti ndinachimva ndi makutu anga, ndiponso kuti amene anagonthetsa amuna aja ndine ndi belu langa. Ndikawapempha kuti mlandu ugwere ine. Sindikudziwa ngati kampani imamva zoterozo. Sindikudziwa ngati mawu akatuluke n'komwe. Ndalemba kalatayi dala lisanafike Lolemba, kuti ndikafuna kubwerera m'mbuyo ndizikumbukira kuti inu mukudziwa kale.

Pempho langa ndi ili. Akatithamangitsa, kapena alamu anu akandithamangitsa okha, mundilandire ndi ana. Kachipinda kaja mumasungiramo chimanga katikwanira. Ndizikulimirani, ndizichapa, chilichonse. Ndipo Patience ndi Ian muwalembetse kusukulu kwanuko, akaphunzitsidwe ndi aphunzitsi enieni. Muyankhe kudzera kwa a Ishaka, musaimbe foni.

Amayi musawauze kaye, BP yawo mukuidziwa. Mungoti ana akupereka moni. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Felesta ndi ang'ono ake, ndi kwa amayi a mvano amene ndinkaimba nawo. Muwapemphe andikumbukire m'pemphero Lamulungu, ngakhale osawauza chifukwa.

Ian wabwera pano ndikumaliza kulemba. Pageti aikapo kale mlonda wina, ndipo dzulo ankayesa chitsulo. Mwanayu akundifunsa kuti likadzaliranso belu athamangire kuti, kusukulu kapena kudamu kumene anthu amathawira moto. Ndamuuza kuti athamangire kwa ine. Wandiyang'ana, n'kufunsa kuti kwa amayi kapena kwa aphunzitsi.

Ambuye akusungeni, ndipo andigwire dzanja Lolemba.

Ndine mng'ono wanu,
Beatrice