Lole Yanu Yabalalitsa Msasa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Ndalemba mtima ukuwawa chifukwa cha lole yanu. Amuna anga, bambo a Feli, anaipititsa kwa makaniko wina pa Boma kuti aitsegule pampu ya dizilo, ati iwonjezere mphamvu pokwera mapiri a kwa Kanduku. Nditawaletsa anandiyankha kuti za injini si za azimayi.

Lachiwiri ananyamula ufa wa anthu othawa nkhondo. Atangofika pamsasa, injini inayamba kubangula yokha, kuizimitsa osazima, utsi wakuda uli tolotolo, kenako inaphulika ngati mfuti. Anthu aja anayesa nkhondo yawatsatira, onse liwiro la kutchire. Mayi wina anathyoka mkono, ndipo kamwana kena tinakapeza m'mawa mwake kakunjenjemera m'phanga.

Mukuganiza kuti alamu anuwo anachita manyazi? Atafika kunyumba wapansi anati, "Komatu isanafe inakwera phiri pa giya yachitatu!"

Chonde tumizani mapisitoni okonzera injiniyo, ndiponso muwadzudzule nokha, poti ine sandimvera. Makiyi a loleyo ndamangirira pansonga ya chitenje changa, ndipo ndidzamasula inu mukadzabwera.

Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati